Aroma Anga Amaliseche

Lolemba, 3 Malichi

Ndagula bokosi loyamba. Asilikali achiroma apulasitiki, aliyense wosaposa chala changa chaching'ono. Ine ndithu, ndevu zaimvi kale, kutuluka m'sitolo ndi zidole m'khwapa! Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaseka achimwene ndi masewera awowa. Tebulo la pabalaza lodzaza timapiri ta makatoni, madayisi, tepi yoyezera, azibambo akuluakulu kukangana ngati nthungo yafika kapena ayi. Koma chiyambire kudwala achimwene, anzawo aja anasiya kubwera. Alamu ndi amene anandinong'oneza kukhitchini: "Amangoyala asilikali awo n'kumawayang'ana. Alibe womenyana naye." Basi, ndikhale ndi gulu langa, tisewereko ngakhale kamodzi.

Loweruka, 8 Malichi

Kumata ndi guluu sabata yonse. Zala za makaniko si za ntchito imeneyi. Nthungo kuthyoka, mutu wa mtsogoleri kugubuduzikira pansi pa firiji. Ndinapita nawo kwa achimwene, mumtima ndikuti lero ndi lero. Atasuzumira m'bokosi anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe, amenewa ali maliseche. Msilikali wosapenta salowa pa tebulo langa." Lamulo lawo lakalekale limenelo, anabwezapo nalo ngakhale abwana awo akuntchito. Ndinati nthawi yopenta ili kuti? Akuti kuthamanga si kufika.

Koma kuwonda kwake. Lamba aboola bowo lina.

Lamlungu, 16 Malichi

Penti ndi timaburashi zadya ndalama ya nsapato zakuntchito. Zakalezi zipirire. Ndiye ndinamata zishango ndisanapente zifuwa, burashi osalowa kuseriko. Kumatulanso onse ndi lumo, chala kuchitema. Pafoni achimwene: "Chishango n'chomaliza, ndinakuuza. Mutu wakowo unanoka kalekale ngati injini zako." Mawu apansipansi, kupuma movutikira, koma chipongwe chilipobe. Chikamamveka chipongwe mtima wanga umakhalako pansi.

Lachiwiri, 25 Malichi

Kugaraja ntchito mbwee. Oilo sachoka m'zikhadabo, ndadinda chala pa mkanjo wofiira wa mtsogoleri, sichikufufutika. Theka ndamaliza. Enawo akadali otuwa ngati phulusa.

Achimwene anagonekedwa kuchipatala Lachisanu, atuluka lero. Alamu akuti adokotala anena kuti azingomwera mankhwala kunyumba. Sindinafunse tanthauzo lake. Ndikulidziwa.

Ndawatumizira chithunzi cha omwe atha. Yankho: "Wakumanzereyo maso ngati waona apongozi akusamba." Ndinaseka ndekha m'chipinda. Kenako misozi, penti mpaka kuuma pa burashi.

Lachitatu, 2 Epulo

Foni masana ndili kunsi kwa galimoto. Achimwene eniake, osati alamu. "Bwera nawo Aroma ako aja." Ndinati achimwene, ena sindinapente, ndipatseni mpaka Loweruka. Iwo: "Bwera nawo choncho."

Sipanala inandipulumuka m'manja. Munthu amene sanalolepo wamaliseche ndi mmodzi yemwe pa tebulo lake! Ndinakhala konko kunsi kwa galimoto ya eni, kulira ngati mwana, anzanga kumangoona mapazi n'kumayesa ndikumanga mabawuti.

Ndikanagula bokosili chaka chatha. Ndikanagula kalekale. Ndinali kuseka chiyani?

Lachinayi, 3 Epulo

Tasewera. Kupabalaza sanathe kufikako, alamu anayala thabwa lositira zovala pabedi. Madayisi awo ndimaponya ndine, iwo kumangoloza ndi chala. Uyu asunthe, uyo abaye. Malamulo sindiwadziwa bwino, mwina amandibera, ndimawadziwa achimwene anga. Anandipululira gulu lonse, nkhope ili ngwee ngati kale. "Ubwera liti kudzabweza chipongwe?" Ndinati Loweruka. Alamu anatuluka panja.

Ndikulongedza achimwene anatola mmodzi wotuwa uja, kumutembenuza m'manja nthawi yaitali. "Awa ukawaveke. Usawasiye chonchi."

Loweruka, 19 Epulo

Achibale obwera kumaliro a achimwene anabalalika sabata yatha, nyumba ya alamu yangoti zii. Lero alamu abwera kwathu kuno ndi makatoni. Asilikali a achimwene onse, madayisi, tepi, timapiri tija. Akuti anasiya mawu akuti zipite kwa makaniko. Sanakhale pansi, tiyi anakana.

Wotsiriza ndamumaliza m'mawa uno. Chifuwa kaye, chishango pomaliza, monga ananenera achimwene. Maso awongoka bwinobwino, koyamba chiyambire. Ndawayala onse pa tebulo, anga mbali ino, awo mbali inayo. Palibenso wamaliseche. Ndatenga foni, ndajambula, ndatsegula pa dzina lawo kuti aone, chala chili pa