Utitiri wa m'nyanja ndi mitengo ya amayi

Walvis Bay, Namibia

Achemwali anga a Consolata,

Muli bwanji kumeneko ku Lisasadzi? Mwendo uja unaleka kutupa? Ine ndili bwino, ndipo ndili ndi chilengezo chachikulu chimene ndikupempha kuti chiwerengedwe kutchalitchi chopereka chikatha: mlongo wanu Benjamin wasiya kusanza. Masiku ano sitima ikagwedezeka ndimangoima njii, kapu ya tiyi ili m'manja. Anzanga a kuno anandiombera m'manja, wina nkudandaula kuti tsopano nsomba zizigona ndi njala.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti ntchito yanga njotani kwenikweni. Lero ndikuuzani, chifukwa ikukhudza amuna anu, alamu anga a Raymond. Timapita pakati pa nyanja yamchere nkutsitsa ukonde wa timaso tochepa kuposa ta sefa, mpaka pansi kumene madzi ake alibe mpweya wokwanira. Nsomba ikalowako imabanika ngati munthu wotsekeredwa mu balani ya fodya moto uli mkati. Koma kuli tizilombo tina, tambiri tochepa ngati utitiri, timene timabisala kumeneko masana onse, tili duu, tikupuma pang'onopang'ono. Kukada timakwera pamwamba kukadya ndere, ndipo nderezo zimakhala zitayamwa kaboni wa mu utsi umene anthufe timafukiza. Kukamacha timatsikanso titakhuta, nkukadzithandiza pansi penipenipo. Ndowe zake zimamira, kaboni uja nkukwiririka zaka mazanamazana osabwerera kudzatenthetsa dziko. Ndiye inde, sukulu yonse ija ndinkaphunzira ndowe za utitiri. Sindikana.

Titafika padoko foni inagwira netiweki, ndipo uthenga woyamba unali wa msuweni wathu Ernest. Zithunzi za nkhalango ya amayi. Ndinayang'ana kanthawi osazindikira malowo, chifukwa panali zitsa zokhazokha. Miwanga, mitondo, ngakhale misuku ija amayi ankatiletsa kuigenda. Amayi anakana kudula nthambi imodzi yomwe m'chaka cha njala, lero mkamwini waimaliza yonse kuwotchera fodya, maliro awo tisanawaiwale nkomwe.

Ernest akuti anawafunsa alamuwo pakhonde la golosale ya a Ayub ngati mwinimbumba anauzidwa. Akuti alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati mwinimbumba wake uti, uja ali kalikiliki kuwerenga nsabwe za m'madzi? Anati munthu wozolowera kuyang'ana zinthu zosaoneka sangaone kuti mtengo wasowa, ndipo ndikamabwera ndidzatengeko nsabwezo m'jumbo adzalawe ngati zili ndiwo. Akuti a Ayub okha ndiwo sanaseke, anangoti ashehe, mitengo ya womwalira siseketsa. Mukawaona mundithokozere.

Kubwezera ndayamba kale. Muukonde mwathu mumakodwa kachilombo kena ka maso aakulu ndi zikhadabo. Kameneka sikamanga nyumba. Kamapeza kanzake kofewa, kulowa m'kati, kudya zonse zam'mimba, chikopa chotsalacho nkusandutsa nyumba yake, nkuberekeramo ana. Nditakaona pa makina okuzira tinthu ndinati nkhope iyi ndikuidziwa. Pabotolo lake ndinalembapo Raymond. Dzinalo lagwira moti ngakhale mayi wa ku Germany amene amatitsogolera amafunsa m'mawa kuti lero takola a Raymond angati. Akuganiza kuti ndi dzina la Chichewa la kachilomboko, ndipo sindinawakonze.

Koma botolo silibweza mtengo. Madzi opanda mpweya aja akunka nakula chifukwa nyanja ikutentha, ndipo pali malo amene ngakhale tizilomboti tayamba kulephera kutsikako. Ine ndimakhala pasitima kuyeza mmene tizilomboti tikuvutikira kukwirira utsi wa dziko, ganyu yopanda malipiro, pamene kwathu kwenikweni mlamu wanga ali pa balani kutiwonjezera ntchito ndi mitengo ya mayi anga. Kautitiri kamodzi kakadzithandiza kamapindulitsa dziko kuposa mmene alamu achitira chikwatirireni pamudzi pathu.

Tsono nkhani ndi iyi. Munda wa katondo uja wa kumtunda amayi anagawira ine, aliyense akudziwa, ndipo ndinawabwereka alamu chifukwa ndinali kusukulu. Ndikuutenga. Ndibwera ndi mvula yoyamba, ndipo ndidzadzalamo mitengo kuyambira kunjira mpaka kuchulu, mzere uliwonse umene iwo amadzalamo fodya wawo wonyaditsa uja. Amayi aang'ono ndawauza kale pafoni, avomera kudzaimirira ngati mboni. Ndikufuna alamu azidzadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, aziona mitengo ikukula, nkhwangwa ili paphewa koma osaigwira. Aone ngati wowerenga nsabwe saona.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze inuyo, msanga, asanagaule mundawo ndi kuwokeramo mbande za ku nazale. Asamvere kwa Ernest kapena pagolosale. Sindikufuna kudzazula fodya wobiriwira pamaso pa ana, koma ndikadzamupeza ndidzazula.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono, kwa azakhali ku Kaluluma, ndi kwa ana anu Princess ndi Chancy. Muwauze kuti amalume awo aona chinsomba chachikulu kuposa basi. Alamu muwapatsenso moni, mwaulemu wonse, muwauze kuti kuno dzina lawo latchuka.

Achemwali, ndikudziwa kuti munda umenewo ndiwo umaphunzitsa Princess ku sekondale. Ndikudziwanso kuti ine ndikadzala ndidzakwera basi nkubwerera kunyanja, mkwiyo wa alamu nkutsalira inu m'nyumba. Zonsezi ndaziganizira, ndipo mtima wanga sunasinthe, koma musayese kuti ndikusekabe pamene ndikulemba pano. Ngati tsiku lobwera simudzatha kundichingamira pamsewu, ndidzamvetsa. Ndidzafikira kwa amayi aang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Benjamin