Khoma la kumtsinje latilambalala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukumavutabe kukazizira.

Mukukumbukira paki ija ya pa Nkando, pomwe munadzala mibawa ndi anzanu? Komiti yathu yachitukuko inalonjeza kuikamo mipando ndi katungwe wa ana. Loweruka anatiitana kumsonkhano n'kutiuza kuti za paki zayamba zaima. Ndalama zake akuti amangira khoma m'mbali mwa mtsinje, kuti madzi asadzatikokololenso ngati nthawi ya namondwe ija. Tonse tinaomba m'manja, poti palibe amene waiwala matope aja.

Koma dzulo ndinapita kukaona pomwe akhoma zikhomo. Achimwene, khomalo liyambira kuseri kwa chigayo cha a Namakhwa, apampando a komitiyo, n'kukathera pa golosale ya mlamu wawo. Tsidya lathu lino kulibe chikhomo ngakhale chimodzi.

Ndinawafunsa a Namakhwawo kuti, "Nanga madzi akagunda khomalo adzalowera kuti?"

Iwo anati, "Musade nkhawa mayi, gawo lachiwiri likubwera." Poyankhapo maso anali pa foni, osandiyang'ana n'komwe.

Mwina ndikungowaganizira zoipa, koma mtima wanga sukukhazikika. Chonde muwaimbire, paja inu amakupatsani ulemu. Muwafunse kuti gawo lachiwirilo liyamba liti. Akapanda kuyankha zomveka, amayi ndiwasamutsira kwa azakhali ku Chinakanaka mvula isanagwe.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinta