Amuna anga akuweta nyongolotsi zoopa mchere

Aphungu,

Chonde kalata yangayi musaichedwetse, chifukwa Loweruka likubwerali ankhoswe akukumana ndipo sindikudziwa choti ndikanene. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye mukaona polakwika mungokonza, bola nkhaniyo muimve.

Ndine mayi wa zaka 22, kwathu ndi ku Nsanje. Ndili pabanja ndi a Vitalis ndipo tili ndi mwana mmodzi, Pearson, wa zaka ziwiri ndi theka. Timakhala ku Chitawira, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni. Amuna angawo amagwira ntchito yosamala maluwa pakhomo pa bwana wina ku Limbe. Samwa mowa, sanandimenyepo, kutchalitchi sajomba. N'chifukwa chake zimene ndaonazi zandiumitsa thupi.

Miyezi itatu yapitayo anabwera ndi ndowa ziwiri zapulasitiki, imodzi yoboolaboola kunsi. Anazilowetsana n'kukaziika pamthunzi kuseri kwa bafa. Anandiuza kuti makoko a nthochi, a mbatata, a mazira ndi masamba a tiyi ndisamatayenso, ndiziwasungira m'jumbo. Ine ndinkangoti ndi za maluwa zawozo, sindinafunse.

Lachiwiri sabata yatha ndinati ndiwathandize, ndikakhuthule ndekha makokowo. Nditavundukula chiguduli cha pamwamba, aphungu, ndinasuzumiramo. Nyongolotsi zofiira zokhazokha, mazanamazana, zopiringizana ngati ulusi wosokonekera. Zitangoona kuwala zonse zinalowa pansi nthawi imodzi ngati wina waziuza.

A Vitalis atabwera kuchokera kuntchito ndinawafunsa, iwo kungoseka. Anati, "Mayi a Pearson, mwaonana nazo ziweto zanga? Zimenezo ndiye ziweto, sizilira, sizithawa, sizikadya chimanga cha eni." Kenako nkhope inasintha. Anati, "Koma simunaikemo ndiwo zotsala eti? Chamchere chisalowemo, zingafe zonse."

Lachinayi Pearson anayamba kudandaula m'mimba, chakudya osachifuna. Ndinapita naye kuchipatala. Anesi atamuona anati, "Mayi, mwanayu ali ndi nyongolotsi." Anandipatsa mankhwala, koma kunyumba sindinabwererenso. Ndinakwera minibasi mpaka kwa achemwali anga a Ursula ku Kanjedza, ndi zovala zomwe ndinavala tsikulo basi.

Achemwali atamva anagwira pakamwa. Anati, "Iwe, ukufunanso umboni wanji? Chinthu chobisa kuseri kwa bafa, choopa dzuwa, choopa mchere, iwe ukuti chiweto? Unaiona kuti mbuzi yoopa mchere? Mwamuna wakoyo akukhwima kuti alemere, ndipo wayambira mwana."

Anandikumbutsanso za madzi akuda amene amadontha m'ndowa yapansi ija. A Vitalis amawatenga n'kuthirira mpiru ndi tomato zimene anadzala m'matumba. Mpiru wakewo masamba ake ngati a fodya, anthu odutsa amachita kuima kusuzumira pampanda. Ndiwo zimenezo ndakhala ndikuphika ndi manja angawa, n'kumudyetsa mwana wanga.

Mankhwala aja sindinamupatse. Achemwali akuti matenda ochita kutumizidwa ukawapatsa mankhwala achizungu amakwiya. Mwana akungogona, phala akumwa masipuni awiri basi. Lamlungu a Vitalis anabwera, achemwali anawabwezera pageti. Ndinawaona pawindo ataima ndi jumbo ya mpiru m'manja, akuti, "Alamu, olo mungondiuza kuti mwana ali bwanji." Sanayankhidwe, ndipo ine ndinalira.

Loweruka achemwali akufuna ndikanene pamaso pa ankhoswe kuti amuna anga ndi mfiti, banja lithe. Kodi nyongolotsi za m'ndowa zija ndi zimene zalowa mwa mwana wanga? Munthu wabwinobwino angawete nyongolotsi? Ndithandizeni, mutu wanga sukugwira.

C.M., Kanjedza, Limbe.

Mayi C.M.,

Musanamalize kuwerenga yankho lino, nyamukani mukamupatse mwana mankhwala ake monga anakuuzirani anesi. Ngati mwaiwala kamwedwe kake, kapena mwanayo wafooka kuposa poyamba, bwererani naye kuchipatala lero lomwe ndipo mukanene zoona kuti sanamwe. Chimene chandidzidzimutsa ine m'kalata yanu si ndowa ayi. Ndi mwana wodwala sabata yathunthu mankhwala ake ali m'chikwama.

Chakusokonezani ndi dzina. Chichewa chathu chinapatsa dzina limodzi zinthu ziwiri zosiyana, ngati mmene timanenera mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo. Za m'mimba zimalowa ngati timazira tosaoneka ndi maso, tochokera m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi, m'manja mosasamba kapena pa zipatso zosatsuka. Mwana wa msinkhu wa Pearson amasewera m'dothi, chilichonse chimathera m'kamwa. Ana ambirimbiri mu Blantyre muno amadwala zimenezi, kwawo kulibe ndowa. Zofiira zija sizingakhale m'mimba mwa munthu. Ntchito yake ndi kudya makoko n'kutulutsa manyowa, ndipo olima maluwa ndi ndiwo amaziweta ndithu. Mpiru wonenepawo wanenepa ndi manyowa.

Zimathawa dzuwa chifukwa zimapuma ndi khungu, likauma zimafa. Mchere umazipha pachifukwa chomwecho, umayamwa madzi a m'thupi mwake. Paubwana simunaonepo anzanu akuthira mchere pa nkhono? Mukawafunse achemwali anu ngati nkhono nayonso ndi yokhwima.

A Vitalis ali ndi pawo polakwa. Munthu sabweretsa zamoyo mazanamazana pakhomo osamufotokozera mkazi wake, n'kumasekanso mkaziyo akunjenjemera. Limenelo mukawauze mosaopa, ankhoswe ali pomwepo. Koma kusafotokoza ndi ufiti n'zotalikirana kwambiri.

Aimbireni foni lero muwauze mmene mwana alili. Ndi bambo ake, ndipo anaima pageti ngati wopempha. Mukabwerera kunyumba, akutsegulireni ndowayo masana, muone nonse awiri, mufunse chilichonse. Iikidwe pamalo okwera pomwe mwana sangafike, ndi chivundikiro chogwira bwino koma chokhala ndi timabowo ta mpweya. Musamaikemo nyama, zamafuta, ndiwo zotsala, matewera kapena zonyansa zina zilizonse. Madzi akudawo aziwasungunula ndi madzi ambiri n'kuthira patsinde, osati pamasamba, ndipo inu ndiwozo muzizitsuka bwino n'kuziphika zipse. Wogwira ndowa asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana. Pearson muzimuwenga zikhadabo ndi kumusambitsa m'manja asanadye. Ngati mutaona zonsezi mtima ukukanabe, muli ndi ufulu wonena kuti ndowayo ipite kuntchito kwawo. Nyumbayo ndi yanunso.

Tsopano za Loweruka. Achemwali anu amakukondani, sindikukana, koma nkhani ikatha iwo atsala ndi banja lawo, inu mutsala opanda lanu. Kutchula munthu kuti mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo mukudziwa nokha zimene gulu la anthu limamuchita munthu likangomva liwu limenelo. Mukalitulutsa pamaso pa ankhoswe silibwereranso m'kamwa, ngakhale mutadzapepesa mogwada. Matenda a m'mimbawo mankhwala athana nawo. Koma dzina loti mwana wa mfiti Pearson adzapita nalo kusukulu, adzakula nalo, ndipo tsiku lina akadzafunsa kuti analiyambitsa ndani, anthu adzaloza inu.

Aphungu