Katungwe wa M'madzi

Kwa Kuntumanji, Zomba
14 Meyi, 2024

Okondedwa Achemwali a Rachel,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko, ndipo abwana anu sakukuvutitsani. Ife kuno tiliko. Foni ndili nayo, inde, koma pafoni pakamwa panga pazolowera kunama, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Mukukumbuka chaka chija nyanja inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi pa njinga? Kunabwera a bungwe lina ndi akatungwe ndi chotsererekapo, akufuna malo oti ana azisewerapo. Nanga ndani akanapereka munda wake? Alamu anu a Jafeti, pokhala a komiti, analoza kumunsi kuja kumene madzi anathawako, posalala ngati bwalo la mpira. Tonse tinkadziwa kuti Chilwa amapita n'kubwerera. Koma tinaopa kuti tikanena, zinthuzo zipita kumudzi wina, komanso mlendo wobwera ndi mphatso sumuuza kuti waika polakwika. Ine ndemwe ndinalulutira kuposa onse.

Nyanja inabwereradi. Lero madzi pamenepo amalekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo asodzi amamangirira mabwato pa zitsulozo. Nanga ana ungawaletse? Ndakalipa, ndathyola kamtengo, koma Linda wanu ukangotembenuka, wapita.

Sabata la Pasaka ndinali kumunda kupirikitsa mbalame mumpunga. Linda anatserereka chamutu, diresi lake n'kukodwa mu ukonde wakale pansi pa madzi. Anzake anathawa osanena. Anamuvuula ndi a Dunstan, msodzi uja wa kuseri kwa tchalitchi, koma mwanayo anali atakhalitsamo m'madzimo.

Musakuwe, Achemwali, mwana ali moyo. Tinagonera kuchipatala milungu iwiri. Ndikamudyetsa amadya. Koma sayankhula, ndipo ine amandiyang'ana ngati munthu wodutsa mumsewu. Ndinafunsa adokotala kuti, “Kodi adzayankhulanso?” Iwo anati, “Mayi, ubongo unasowa mpweya nthawi yaitali. Musayembekezere zambiri.”

Ndiye mukamaimba n'kunena kuti, “Mupatseni foni Linda,” ine n'kumati, “Ali kosewera,” dziwani kuti amakhala ali pamkeka pambali panga. Milungu isanu ndi umodzi ndakunamizani. Munandisiyira mwana wolongolola, woti ndinkachita kumupempha kuti apumeko. Mayo ine, ndili ndi manyazi, ndipo mtima ukundiwawa.

A Jafeti anabwereka sowo kuti akadule zitsulozo. Asodzi anawabweza, amvekere, “Nanga ife mabwato tizimangirira pati?” Mpaka lero zili chiimire, ndipo dzulo ndawerenga ana asanu ndi awiri akulendewera pamenepo.

Chithunzi munapempha chija, cha Linda ali pa katungwe, sinditumiza. Pemphani abwana anu mubwere, ngakhale masiku awiri okha. Mwina akamva mawu a mayi ake adzatembenuka. Sindikulonjeza, chifukwa ndayesa kumuimbira nyimbo zanu zonse, osatheka.

Akupereka moni alamu anu, ngakhale akuopa kukuonani. Akupereka moni amayi a mvano, amene amabwera Lachinayi lililonse kudzapemphera. A Dunstan akuti muwakhululukire pochedwa.

Linda ndamuuza kuti, “Perekako moni kwa amayi ako.” Sanandiyang'ane. Akungodziyendetsa thupi, kutsogolo, kumbuyo, manja atakunga m'mwamba ngati wagwira zingwe.

Ndine mng'ono wanu, ngati mungandilolebe kutero,
Mariya