Nyumba ya banja ku Doha: kwa Che Cassim kapena kukampani?

Aphungu,

Nkhani yanga ndi yosangalatsa ndithu, koma yandizunguza mutu. Ndili ku Doha, ndimagwira ntchito pahotela ina, ndipo chaka chino andikweza kukhala supavaiza. Malipiro afika poti nditha kuitanitsa mayi akunyumba, a Fauziya, ndi mwana wathu Ashura kuchokera ku Balaka. Nditawauza pafoni analulutira mpaka aneba anathamangira kudzamva.

Vuto ndi nyumba. Panopa ndimagona ku Najma, chipinda chimodzi anthu anayi, mabedi osanjikizana. Kuntchito andiuza kuti viza ya banja imafuna kontirakiti ya nyumba yodindidwa kuboma. Ndiye ndinayamba kusaka.

Ndinayambira kwa Che Cassim, mkulu wa kwathu konko. Ndi mlonda, koma akaweruka amapezera anthu malo okhala. Ndi iwowa anandilandira ndili mlendo, kundiphunzitsa mabasi, kundionetsa kogula ufa. Ananditengera ku Madinat Khalifa, kunyumba yaikulu imene mwini wake anaiduladula zipinda ndi matabwa. Mtengo wake wabwino zedi. Nditafunsa za mapepala anangoseka, amvekere, "Mphwanga, khalas, basi, zisiye kwa ine. Inshallah zitheka." Koma akakhala pa shifiti foni yawo imakhala yozima tsiku lonse.

Kenako mnzanga anandilumikiza ndi kagulu ka maejenti achinyamata ogwira ntchito limodzi. Awa ndiye achangu, ukangolemba pa WhatsApp mavidiyo a mafulati ali mbwee. Koma lero akuyankha uyu, mawa wina, nkhani yanga ndimaiyambiranso. Wina mpaka ananditumizira nyumba ya mabachala.

Ndinalowanso muofesi ya kampani ina ya nyumba. Anandipatsa khofi, kunditchula bwana, chiphaso chawo chili pakhoma. Koma nyumba zawo n'zokwera, akufunanso komishoni ndi macheke.

A Fauziya akungoti, "Bambo a Ashura, ine zanga ndi windo kukhitchini basi. Sindikubwera kudzaphika mumdima." Ine mtima uli kwa Che Cassim, ndikuopa angati ndayamba matama chifukwa cha usupavaiza. Ndilowere kuti?

B.H., Najma, Doha

A B.H.,

Zikomo, mwagwira ntchito! Pa makalata a sabata ino, ndinu nokha mwandibweretsera vuto lochokera ku madalitso.

Tsono tamverani. Nyumba imeneyi ndi imene idzakweze a Fauziya ndege. Itchipe bwanji, ngati kontirakiti yake sidindidwa, banja lanu likhalabe ku Balaka. Choncho bwererani kaye kwa oona za ogwira ntchito kuhotela kwanuko, akufotokozereni bwinobwino mapepala ofunika panopa, poti malamulo amasinthasintha ndipo ine ndili kuno kumudzi.

Mukatero, onsewo afunseni zofanana. Muli ndi chiphaso cha ntchitoyi? Mwini nyumba ndani, ndionana naye liti? Kontirakiti idindidwa tsiku liti? Makina oziziritsa m'nyumba akafa mu Julayi, kutentha kwa ku Doha kuli pachimake, ndiimbira ndani? Mawu akuti inshallah ndi abwino, koma abwere pamodzi ndi tsiku.

Ejenti woyenda yekha ngati Che Cassim amakudziwa, amamva chinenero chako, amakuchitira chifundo pamtengo. Koma akadwala kapena kontirakiti yake ya ntchito ikatha n'kubwerera kwawo, udzadandaulira yani? Ndipo nyumba yoduladula ndi matabwa ija ikundikayikitsa. Si kuti Che Cassim ndi oipa ayi. Iwo anazolowera kupezera malo amuna obwera okha, za banja n'zina.

Achinyamata aja musawataye msanga. Auzeni kuti, "Ndipatseni munthu mmodzi, dzina ndi nambala." Akatero, n'kukuonetsani ofesi yovomerezeka imene ali pansi pake, mutha kuyenda nawo. Akayamba kuzemba, asiyeni ndi mavidiyo awo.

Ndikanakhala ine, chaka choyambachi ndikanapita kukampani. Khofi asakukomereni, chimene mukulipira ndi chitseko chogogoda zikavuta. Kumenekonso pemphani munthu mmodzi, nenererani komishoni, ndipo musasaine cheke musanamvetse zolembedwa zonse. Fulati mukaione masana dzuwa lili paliwombo, mutsegule mipopi, muyatse makina, a Fauziya ali pavidiyo akuona okha khitchini yawo. Adzakhalitsa m'nyumbamo ndi iwo.

Za Che Cassim musazichite pafoni, komanso asamve kwa ena. Lachisanu mukatuluka kumapemphero a Juma muwatengere kukadya mpunga, muwauze chilungamo kuti viza ikufuna chidindo. Kenako muwapemphe akuperekezeni kokaona nyumba ngati mkulu wanu. Munthu wodziwa Doha chotero adzaona ming'alu imene inu simungaione, ndipo adzanyadira kuti mwawapatsa ulemu. Anzanu osaka bedi muziwatumiza kwa iwo.

Koma chenjerani. Musapereke ndalama kapena pasipoti kwa wina aliyense musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu n'kuona mapepala a mwini wake. Ndipo a Fauziya asayambe kugulitsa mbuzi kapena kutsanzika abale viza isanatuluke. Kutsanzika kawiri kumachititsa manyazi.

Aphungu