Abambo Aiwala Chichewa

Amayi, kumene muliko kuli bwanji?

Kuno ku Njombwa tilipo. Fodya tinathyola, ali m'chigafa, ngakhale mvula inawononga masamba am'munsi. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi abambo. Chichokereni inu, mutu wawo sukuyenda bwino. Poyamba ankaiwala pamene aika khasu. Kenako anasochera pochokera kuchigayo. Tsopano Chichewa chawathawa. Akungoyankhula Chitumbuka cha kwawo ku Mzimba, chimene anachisiya pobwera kudzalowa utenanti ku esiteti. Paja munkaseka kuti, "Bambo akowa Chitumbuka amachisungira tsiku lokwiya basi." Ife ana sitinachiphunzire, poti wotimasulira munalipo inu.

Adokotala kuboma anati matendawa nthawi zina amayamba kufufuta chilankhulo chimene munthu anaphunzira atakula, ndipo mankhwala ochiza palibe. Ndinafunsa ngati nanenso adzandigwire. Anati sangadziwe, koma kuphunzira chilankhulo china kungathandize ubongo kuti usagone. Ndiye ine, ndi imvi zangazi, ndayamba sukulu ya Chitumbuka kwa a Nyakaunda, akazi a aphunzitsi aja. Lilime langa ndi louma, Amayi. Mawu a dzulo lero sindiwakumbuka, ndipo ndikaiwala ndimaopa kuti kapena nanenso zayamba.

Pali mawu amene abambo amandiuza m'mawa uliwonse ndikamawapatsa phala: "Muwoli wane wali nkhu?" Ine ndinkangoti, "Eya, idyani." Dzulo ndinawatchula mawuwo kwa a Nyakaunda. Anaika pansi nsalu imene ankasoka, nandiyang'ana.

"Akufunsa kuti mkazi wanga ali kuti."

Amayi, miyezi itatu yonseyi akhala akufunsa inu, ine n'kumayankha kuti eya. Sakumbuka kuti anaponya dothi m'manda mwanu. Lero afunsanso, ndamva bwinobwino, ndipo ndathawira kuseri kwa nyumba. Ndiwauze zoona, azilira maliro atsopano m'mawa uliwonse? Kapena ndiwanamize kuti mwapita kumunda, azikudikirani pakhomo?

Yankho sindinalipeze. Koma ndikukulonjezani kuti eya uja sindidzawayankhanso. Ndilimbikira kwa a Nyakaunda mpaka ndithe kukhala nawo pakhonde, n'kumacheza za inu m'chilankhulo chimene chawatsalira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Estere