Chivundikiro cha Poto wa Gumbo

Laughlin, Nevada

Okondedwa Achemwali a Ozella,

Ndikhulupirira muli bwino kwathu ku Opelousas. Bondo lija likuti bwanji? Kuno tilipo, chotisautsa ndi dzuwa basi, ndi alamu anu a Verlene.

Ndifotokoze pang'onopang'ono. Kunyumba ya juga ya m'mbali mwa mtsinje anawapatsa khadi la dzina lawo. Amalilowetsa m'makina asanayambe kutchova, ndipo limakumbukira ndalama iliyonse imene aponyamo. Ukaluza zokwanira, amakuthokoza ndi mphatso. Mwezi uno akugawa mapoto, Lachiwiri lililonse mmodzi. Tinalandira wamng'ono, kenako wapakati, kenako chimpoto chophikira gumbo, msuzi wa kwathu uja. Chivundikiro chake akuti sabata yomaliza, koma kwa okhawo a khadi lagolide. Lathu ndi lasiliva.

Kumeneko kuli mkulu wina wa tayi, a Thaddeus, amene ntchito yawo ndi kusekerera oluza. Amawaimbira foni alamu anu n'kumawatchula kuti mfumukazi. Tsiku lawo lobadwa amalidziwa, ine ndimaliiwala. Ndiye awanong'oneza kuti golide watsala pang'ono, angolimbikira.

Ndinawauza kuti zivundikiro zili mbwee kusitolo. Akuti ndine nkhalamba yosakaza ndalama, munthu angagule bwanji chinthu chimene akugawa ulere? Ndinati ndiye vundikirani ndi mbale. Akuti mbaleyo ndivundikire dazi langali, mwina nzeru zingasiye kuthawa.

Chimene chandilanda tulo ndi ichi. Dzulo ndinawapeza akutsuka galimoto yanga, munthu woti chikwatiranireni sanaigwirepo. Mapepala ake m'kabati mulibe. Pafupi ndi nyumba ya jugayo pali malo opinyolitsira katundu. Ikapita galimotoyo, Achemwali, pa Khirisimasi simundiona.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni chivundikiro cha poto wa malemu Amayi, chakuda chija chogwedera chogwirira. Kachingwe ndaika m'kalatamu ndiko kukula kwa pakamwa pa chimpoto chathucho. Chikachepa pang'ono, tumizanibe. Chifike lisanakwane Lachiwiri lomaliza la mwezi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Clovis, kwa azakhali a Eulalie ngati akumvabe, ndi adzukulu onse.

Ine mlongo wanu,
Odell

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Muchikulunge m'pepala lonyezimira, ndipo musalembepo dzina langa. Mulembe kuti: Kwa Mfumukazi, mphatso yaulere.